Mpira wa Ana a Mgodi: Mbiri ya Timu ya Wrexham

Mwa anthu onse amene amakhamukira ku nyumba zoonetsera mpira Loweruka madzulo, kaya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chipata, ndi ochepa amene angalephere kutchula pamtima maina a osewera a Manchester United, Arsenal, Liverpool ndi Chelsea. Koma kunsi kwa matimu omveka amenewa, kumene makamera a kanema safikako kawirikawiri, kuli matimu ena ambirimbiri a m'timizinda ta anthu wamba, amene akhala akusewera chaka ndi chaka kuyambira masiku a makolo akale, osalemera, osatchuka, komanso osafa. Imodzi mwa matimu otere idali Wrexham, ndipo mbiri yake iyenera kusimbidwa mofatsa, pakuti muli phunziro la chimene chimasunga timu ndi moyo pamene ndalama zatha ndi ulemu wachoka.

Wrexham ndi kamzinda ka kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Wales, kufupi ndi malire a England, ndipo anthu okhalamo ndi pafupifupi 45,000 chabe. Kale kadadziwika ndi zinthu zitatu, ndizo malasha, chitsulo ndi mowa wa m'fakitale. Koma migodi idatsekedwa, ng'anjo zidazima, ndipo chimene chidatsala cholunzanitsa mitima ya anthu ake ndicho timu yawo ya malaya ofiira. Masiku ano dzina la timuyi lamveka m'maiko onse chifukwa cha akatswiri awiri a mafilimu amene adaigula mu 2021, koma munthu woyambira nkhaniyi pa chaka chimenecho afanana ndi wofika pamunda nthawi yokolola, nayesa kuti chimanga chidamera chokha. Alipo amene adalima, ndipo ambiri a iwo adali anthu osauka.

Chiyambi chake

Mu Okutobala 1864, amuna a kalabu yosewera kiriketi ku Wrexham, poona kuti nyengo yachisanu ikudza ndipo masewero awo aima kufikira dzuwa litabweranso, adagwirizana m'nyumba ya alendo yotchedwa Turf kuti ayambe kusewera mpira wamiyendo. Masewero awo oyamba adakumana ndi gulu la ozimitsa moto, pa bwalo limene kale ankathamangitsirapo akavalo, ndipo ndicho chifukwa chake bwalolo limatchedwa Racecourse mpaka lero. Motero Wrexham ndiyo timu yakale koposa zonse mu Wales, ndipo imawerengedwa kukhala yachitatu mwa matimu akale kwambiri a osewera olipidwa pa dziko lonse lapansi. Nyumba ya Turf idakalipo pambali pa bwalo, ndipo ochemerera amasonkhanamo masewero asanayambe monga ankachitira agogo awo.

Kamzinda kameneka ndiko kadalera mpira wa dziko lonse la Wales. Bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo lidakhazikitsidwa ku Wrexham komweko mu 1876, m'hotela ya Wynnstay Arms. Mu Malichi 1877 timu ya dziko la Wales idalandira Scotland pa Racecourse, ndipo popeza bwalolo limalandirabe masewero a maiko kufikira tsopano, palibe bwalo lina pa dziko lapansi limene lachita ntchito imeneyi kwa zaka zochuluka kuposa ilo. Mu 1878 mpikisano wa chikho cha Wales udachitika koyamba, ndipo Wrexham idapambana pogonjetsa Druids 1-0. Koma bungwe lidali losauka kotero kuti chikho chenichenicho kudalibe, ndipo opambanawo adadikira chaka chotsatira kuti achigwire m'manja. Chikho chimenechi Wrexham yachitenga maulendo 23, kuposa timu ina iliyonse.

Wina angafunse chifukwa chimene timu ya ku Wales imasewerera mu ligi ya England. M'masiku amenewo Wales idalibe ligi ya dziko lonse, pakuti imeneyi idadzayamba mu 1992, ndipo mapiri adachititsa kuti ulendo wa kumwera ukhale wovuta kuposa ulendo wa ku Chester, Liverpool kapena Manchester. Choncho mu 1921 Wrexham idalandiridwa mu Football League, m'gawo lachitatu la kumpoto, ndipo idakhala mu ligiyo zaka 87 zotsatizana. Cardiff, Swansea ndi Newport nazonso zimasewera ku England.

Usiku wa ku Gresford

Ochemerera a zaka zimenezo adali makamaka anthu a mumgodi, amene sabata yonse ankakumba malasha mu mdima, nayembekezera Loweruka masana kuti akaime pa bwalo ndi kufuula mpaka mawu kusasa. Kufupi ndi kamzindaka kudali mgodi waukulu wa Gresford. Usiku wa Lachisanu, pa 21 Seputembala 1934, amuna ochuluka kuposa masiku onse adatsikira pansi, pakuti ambiri adasinthana nthawi ya ntchito ndipo ena adagwira kawiri, kuti mawa lake akhale omasuka kukaonera Wrexham ikusewera ndi Tranmere Rovers. Nthawi itangopitirira 2 koloko usiku, mpweya woipa udaphulika m'chigawo cha mgodi chotchedwa Dennis, moto ndi utsi zidatseka njira zonse, ndipo pa onse a m'chigawocho amuna asanu ndi mmodzi okha ndiwo adatuluka amoyo. Anthu 266 adataya moyo pa ngoziyi, kuwerengera ndi ena mwa opita kukapulumutsa anzawo. Mitembo 11 yokha ndiyo idatulutsidwa. Otsalawo adatsekeredwa momwemo, ndipo agona pansi pa nthaka ya kwawo kufikira lero. Ngakhale kafukufuku wa boma adamva umboni wa kutentha koopsa ndi kuchepa kwa mpweya wabwino m'chigawocho, mlandu udathera pa chindapusa chochepa cha kusasunga bwino mabuku a ntchito.

Mabanja a kwathu kuno amene adatumiza ana awo ku Joni, kapena ku Wankie kumene mgodi wa malasha udaphulika mu 1972 nupha anthu oposa 400, pakati pawo Amalawi, safunika kuwafotokozera kulira kwa mudzi umene amuna ake adatsika osakweranso. Chisoni cha Gresford chidalowa m'mafupa a timu ya Wrexham. Patapita zaka, malo ophunzitsirapo osewera adamangidwa kufupi ndi mgodi womwewo, natchedwa Colliers Park pokumbukira okumba malasha, ndipo gudumu lalikulu la makina otsitsira anthu kumgodi lidaimikidwa pafupi pomwepo monga chikumbutso.

Masiku a ulemerero

Kwa zaka zambiri Wrexham idali timu ya m'magawo a pansi, yodziwika ndi kuopseza akuluakulu m'mipikisano ya zikho. Mu Januwale 1957 anthu 34,445 adadzaza Racecourse kudzaonera anyamata a Matt Busby a Manchester United, ndipo khamu lotere silinaonekenso pa bwalolo. Alendowo adapambana 5-0, ndipo patangotha chaka chimodzi ambiri a iwo adafa pa ngozi ya ndege ku Munich.

Zaka za m'ma 1970 ndizo zidali za ulemerero. Popeza wotenga chikho cha Wales ankaloledwa kulowa mpikisano wa ku Ulaya wa matimu otenga zikho, kamzinda ka malasha kadayamba kulandira matimu a maiko akutali. Mu 1976, pansi pa mphunzitsi John Neal, Wrexham, ili m'gawo lachitatu, idafika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu, ndipo idagonja movutikira kwa Anderlecht ya ku Belgium ndi zigoli 2-1 pa masewero awiri. Anderlecht yomweyo ndiyo idakatenga chikhocho. Mu 1978 Arfon Griffiths, mwana wa ku Wrexham amene adasewerera timuyi masewero a ligi pafupifupi 600 asadakhale mphunzitsi wake, adaitsogolera kutenga ukatswiri wa gawo lachitatu, ndipo kwa zaka zinayi idasewera m'gawo lachiwiri. Koma mu 1982 idatsika, mu 1983 idatsikanso, ndipo kutsika kwa timu kudayendera limodzi ndi kutsika kwa mzinda: mgodi wa Gresford udali utatsekedwa kale mu 1973, wa Bersham, umene udali wotsiriza kufupi ndi mzindawu, udatsekedwa mu 1986, ndipo fakitale ya chitsulo ya Brymbo idazima mu 1990.

Ngakhale m'masiku a umphawiwo, zodabwitsa sizidaleke. Mu 1984, ili m'gawo lachinayi, Wrexham idatulutsa Porto ya ku Portugal mu mpikisano wa ku Ulaya: idapambana 1-0 kwawo, nigonja 4-3 ku Porto, ndipo chigoli cha Barry Horne cha kumapeto chidaipititsa patsogolo pa lamulo la zigoli za koyenda. Patangopita zaka zitatu Porto idakhala akatswiri a Ulaya yense.

Koma tsiku limene akulu a ku Wrexham amasimbira adzukulu awo ndi la 4 Januwale 1992. Chaka chapitacho Arsenal idali itatenga ukatswiri wa England, pamene Wrexham idathera pansi penipeni pa matimu onse a ligi, ndipo idapulumuka kutulutsidwa kokha chifukwa chaka chimenecho ligi inkaonjezera chiwerengero cha matimu. Woyamba ndi wotsiriza adakumana pa Racecourse mu chikho cha FA. Alan Smith adamwetsa chigoli cha Arsenal chigawo choyamba chisanathe, ndipo kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu zokha zinthu zidali chomwecho. Pamenepo woimbira adapereka firikiki kunja kwa bokosi. Mickey Thomas, wa zaka 37, amene adayambira mpira pa Wrexham, nayendayenda ku Manchester United, Everton, Chelsea ndi kwina, nabwerera kwawo miyendo itayamba kulema, adauika mpira pansi, nabwerera m'mbuyo pang'ono, naumenya ndi phazi lamanzere; mpirawo udapyola khoma la osewera nukalowa m'mwamba mwa ngodya ya golo, David Seaman akutambasula dzanja pachabe. Patangotha mphindi ziwiri mnyamata Steve Watkin adagwa akukankhira mpira wachiwiri mu ukonde, ndipo akatswiri a England adabwerera ku London atagonja 2-1.

Kugwa

Mdani woopsa wa timu yaing'ono sakhala pa bwalo ayi, amakhala m'mabuku a ndalama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 timuyi idagwa m'manja mwa munthu wa malonda a malo, amene maso ake adali pa nthaka ya Racecourse osati pa mpira, ndipo adafuna kuitulutsa timuyo pa bwalo lake kuti malowo agulitsidwe. Ochemerera adaguba m'misewu, nkhani idafika ku khoti, ndipo oweruza adagamula kuti bwalo libwerere kwa timu. Koma ngongole zidali zitakula. Mu Disembala 2004 Wrexham idaikidwa m'manja mwa oyang'anira makampani olephera kubweza ngongole, ndipo idakhala timu yoyamba ya Football League kulandidwa mapointi khumi pa lamulo latsopano la nkhani zotere. Mapointi amenewo ndiwo adaitsitsa gawo mu 2005, ngakhale kuti mu Epulo wa chaka chomwecho idatenga chikho cha matimu a magawo a pansi ku Cardiff, pogonjetsa Southend 2-0, pagolo pali mnyamata wobwereka dzina lake Ben Foster.

Mu 2008 chidachitika chimene ambiri ankachiopa: Wrexham idatuluka mu Football League nigwera m'gawo lachisanu. Mpira wa ku England uli ndi makwerero: pamwamba pali Premier League, kenaka Championship, League One ndi League Two, ndipo magawo anayi amenewa ali ndi matimu 92, kunsi kwake ndiko kuli National League, kumene khomo lotulukira ndi lopapatiza, pakuti pa chaka timu imodzi yokha ndiyo imakwera mwachindunji, ndipo yachiwiri imakwera itapambana masewero ochotsana. M'dzenje limenelo Wrexham idakhalamo zaka 15.

Tsiku limene anthu adaombola timu yawo

Mu Ogasiti 2011, kutatsala masiku owerengeka kuti ligi iyambe, akuluakulu a ligi adalamula kuti Wrexham ipereke chikole cha ndalama chotsimikizira kuti idzatha kumaliza chaka, apo ayi ichotsedwe. Eni ake a nthawiyo sadakwanitse ndalama zonse. Uthenga utamveka m'mawa, anthu adayamba kufika pa Racecourse: okalamba ndi ndalama za penshoni, antchito ndi zimene adasungira tchuthi kapena ukwati, ana ndi timakobidi tawo, ndipo wina adafika pofuna kupereka makalata a nyumba yake monga chikole. Dzuwa lisanalowe adasonkhanitsa ndalama zoposa mapaundi 100,000, ndipo timu idaloledwa kusewera. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku limenelo denga la zaka 147 lidasenzedwa ndi mitu ya anthu wamba amene maina awo salembedwa m'nyuzipepala.

Chaka chisanathe, bungwe la ochemerera lotchedwa Wrexham Supporters Trust lidatenga umwini wa timu, pamene yunivesite ya mumzindamo idagula bwalo kuti lisagwe m'manja mwa omanga nyumba. Kwa zaka pafupifupi khumi timuyi idayendetsedwa ndi anthu odzipereka, amene masana ankagwira ntchito zawo ndipo madzulo ankawerengera ndalama za timu, kugulitsa matikiti ndi kupenta mipanda. Adabweza ngongole, nasunga mabuku oongoka, koma chimwemwe cha pa bwalo chidawazemba. M'chaka cha 2011-12 adapeza mapointi 98, komabe adatha achiwiri pambuyo pa Fleetwood ndipo sadakwere. Mu 2013 adatenga chikho cha FA Trophy ku Wembley pogonjetsa Grimsby pa mapenate, koma patapita masabata ochepa adagonja pa bwalo lomwelo kwa Newport pa masewero amene akadawabwezera mu ligi. Mbali ina ya bwalo, yotchedwa Kop, kumene ankaima okumba malasha, idatsekedwa chifukwa cha kukalamba, nimera udzu. M'chaka cha mliri wa Covid-19 timuyi idatsala pang'ono kugweranso gawo lina la pansi. Komabe anthu zikwi zingapo ankabwera Loweruka lililonse la masewero, pakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Alendo a ku Hollywood

Pa nthawi yomweyo ya mliri, Rob McElhenney, katswiri wa masewero a pa kanema wa ku Philadelphia, adaonera filimu yosimba za ochemerera timu ya Sunderland, nakhudzidwa mtima, nakopa mnzake Ryan Reynolds wa ku Canada, wodziwika ndi filimu ya Deadpool, kuti agule timu ya mbiri yakale ya mumzinda wa antchito. Adasankha Wrexham, koma popeza eni ake adali ochemerera, kugula kudafunika chilolezo chawo. Mu Novembala 2020 mamembala a bungwe adaponya voti, ndipo oposa 98 pa 100 aliwonse adavomera. Mu Febuluwale 2021 awiriwo adatenga timu, nalonjeza kuikamo mapaundi 2 miliyoni.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Adalemba mphunzitsi Phil Parkinson ndi womwetsa zigoli Paul Mullin, onse awiri ochokera m'magawo a pamwamba. Adagulanso bwalo mu 2022 kuti likhale la timu. Ndipo filimu yawo ya Welcome to Wrexham, imene imaonetsa moyo wa anthu a mumzindamo pamodzi ndi mpira, idatengera dzina la kamzindaka ku America ndi kwina konse. Chaka chomwecho Wrexham idapatsidwa ulemu wotchedwa mzinda mwa lamulo.

Ngakhale zidali choncho, ndalama sizidatsegule khomo msanga. Mu 2022 adagonja 5-4 kwa Grimsby pa masewero ochotsana. Chaka chotsatira adapikisana ndi Notts County, timu yakale kuposa iwo, ndipo onse awiri ankapambana sabata ndi sabata osapatsana mpata. Pa 10 Epulo 2023 adakumana pa Racecourse. Wrexham ikutsogola 3-2, nthawi yoonjezera ili pafupi kutha, woimbira adapereka penate kwa Notts County. Pagolo padali Ben Foster yemwe uja wa 2005, tsopano wa zaka 40, amene adali atapuma kale pa mpira nabwerera kudzathandiza timu imene idamuonetsa ku dziko. Adadziponya pansi nauphula mpirawo, ndipo bwalo lonse lidagwedezeka ndi mfuwu. Pa 22 Epulo adagonjetsa Boreham Wood 3-1, ndipo adamaliza ligi ndi mapointi 111, Notts County ili ndi 107. Mu 2024 adakweranso, ndipo mu Epulo 2025, atagonjetsa Charlton 3-0, adalowa mu Championship, gawo limene adalisiya zaka 43 zapitazo. Palibe timu ina idakwerapo katatu motsatizana m'magawo asanu a pamwamba a mpira wa ku England.

Pali odandaula kuti kukwera kumeneku n'kogula, pakuti Wrexham idalipira osewera ake ndalama zimene matimu anzake sakadatha, nitaya mapaundi mamiliyoni pochita zimenezi. Ndipo dandaulo lawo lili ndi choonadi, chifukwa matimu ena akale ngati Bury ndi Macclesfield adagwa m'zaka zomwezi popanda mlendo wowaombola. Palinso nkhawa imene mwambi wina umainena, wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma chimene alendowo adachipeza ku Wrexham, ndi chimene makamera awo adachigulitsa ku dziko lonse, sadabwere nacho iwo: adapeza timu yopanda ngongole, bwalo losagulitsidwa, ndi anthu amene adakana kuisiya m'zaka 15 za manyazi. Akadapanda kusonkha aja a mu Ogasiti 2011, sipakadakhala kanthu koti munthu wa ku Hollywood agule.

Anthu a ku Wrexham adaphunzira m'masautso awo kuti eni timu amabwera ndi kupita, ndipo sadapereke cholowa chawo chimanjamanja. Pamene bungwe la ochemerera linkasiya ufulu wake pa bwalo kuti eni atsopano amange mbali ya Kop imene idagwetsedwa mu 2023, lidaikitsa pangano m'makalata lakuti timu idzasewera pa Racecourse kufikira chaka cha 2115. Palibe mmodzi mwa osainira panganolo amene adzakhalepo chaka chimenecho. Adachitira zidzukulu zimene sadzaziona, ndipo aliyense wokonda timu ya kwawo, ingachepe chotani, ayenera kuisamala ndi mtima womwewo.